Mzere Wotsiriza pa Gemu ya Mphaka

3 Malichi

Kwa mdzukulu wanga,

Ndikukupatsa moni chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndikufuna. Uli bwanji kunjako? Ukudya? Chifuwa chija chinatha? Uyankhe zimenezi kuti ndidziwe kuti amene ndikumukalipirayu ali moyo.

Kuno tilipo. Mayi ako aang'ono akupitabe kuntchito kwawo kochapa nsalu za kuhotela. Ine ndikadali pa kashopu kanga ka ulusi ndi mabatani, maondo akulira ngati chitseko chosowa mafuta. Usavutike kuimba foni. Ndawauza mayi ako aang'onowo kuti akaona kuti ndiwe asandipatse. Mawu a pafoni amauluka, mawa umadzakana kuti sunanene. Awa ndikulemba ndekha ndi kasukulu kanga kochepa kaja, ndiye ukapeza chilembo chagona chagada, uchidzutse wekha.

Kanema wako tinamuona. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana nafe uja anamuika pa tivi yaikulu ya m'shopu mwake Loweruka, benchi itadzaza. Anabwera kudzanditenga yekha, chipeso chili m'manja, akuti agogo bwerani mudzaone, mdzukulu wanu watchuka, akutchula magemu khumi amene wawakonda chibadwire. Ndinatseka shopu, ndinamanga mpango wabwino. Anandikhazika pa mpando wometera weniweniwo, wozungulira uja, kuti ndikhale patsogolo.

Unayambira nambala teni, yakumchira. Ndikuyang'ana, mphaka wathu uyo. Gemu ya mphaka wothamanga pa madenga, imene amayi ako anakugulira pamodzi ndi kamakina kotuwa kaja chaka chimene anayamba kudwala. Mtima unandidumpha. Ndinati mwana wakumbuka kwawo. Kenako unatsegula pakamwa.

Unati gemu imeneyi waiika kumchira chifukwa ndi yophweka, ngakhale agogo ako amaitha. Unati tikamasewera molandizana unkandisiyira dala kuti ndipambane, kuopa kuti ndikakwiya ugona ndi njala. Ndiye unaonetsa chithunzi cha mndandanda wa akatswiri umene uli m'gemumo. Unaloza ndi chala chako. Kuyambira pamwamba mpaka pa eyiti, MFU yekhayekha, dzina lako lija unkafuna kulemba kuti MFUMU koma makina amangolola zilembo zitatu. Pa naini GOG, ineyo. Unati, “Onani, agogo anga moyo wawo wonse anangofika apa.”

Shopu yonse inafa nalo phwete. Bambo wina amene anali atametedwa mbali imodzi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndili pampando wozungulira, miyendo ili m'malere, sindikudziwa potsikira.

Tsopano ndikufunse. Mizere ija ilipo khumi. Wa teni unaudulira chiyani pachithunzi? Pa teni pali MAI. Analemba ndi dzanja lawo amayi ako, atakhala pabedi, pilo ali kumsana. Ndipo ukudziwa chimene tinapangana iwe ndi ine atatisiya. Tinati pa mndandanda uja sipadzalowanso dzina, chifukwa likalowa latsopano, la pansi limagwa, ndipo la pansi ndi la amayi ako. Kuyambira pamenepo aliyense akasewera bwino, makina akafunsa dzina, tinkangozimitsa. Nthawi imene ija ine ndinali ndikuphunzira kumene, n'chifukwa chake ndili pa naini. Zaka zotsatira ndinakukwapula mpaka unkaluma chingwe cha padi, kogwirira ka mabatani kosewerera kaja. Mapointi ako a pamwamba aja ndinawadutsa kambirimbiri, n'kuzimitsa ndekha ndi chala changachi. Iwe unali pomwepo, mamina ali chuchuchu.

Ndiye watenga ulemu umene ndinachitira mwana wanga, waupanga umboni woti ndine mbuli.

Pano ana a mumsewu muno akundiitana Agogo Naini. Dzulo kamtsikana kena kabwera, akuti, “Agogo Naini, singano zilipo?” Mayi wake ali pambali akubisa mano ndi chikwama.

Upange kanema wina, unene zoona, aonekere pa tivi yomwe ija. Ndikudikira.

Ndine agogo ako,
amene anakuchapira matewera.

22 Malichi

Agogo anga okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga choimirira ngati ndili mu ofesi ya ahedi. Ndili bwino, ndikudya, chifuwa chinatha. Ntchito ya kosungira katundu ikuyenda, makanema ndimapanga ndikaweruka. Inu maondo ali bwanji? Ndakutumizirani mafuta opaka, akuti ndi abwino kwambiri.

Agogo, zija zinali nthabwala chabe. Makanema oterewa anthu amaonera kuti aseke. Ndikangoti gemu iyi ndi yabwino chifukwa cha chakutichakuti, amachoka. Ndikatchula agogo, amakhala. Mukanaona zimene alemba pansi pa kanemayo. Aliyense akuti agogo ako ndi osangalatsa, uwapatse moni. Mwatchuka kuposa ine.

Komanso nambala teni si kumchira ayi. Ndasewera magemu osawerengeka, ena oti umalowa m'dziko lathunthu, umamanga nyumba, umakwera akavalo, mwezi n'kutha usanafike pakati. Kuti mphaka wathu apezeke pa khumi oyamba ndi ulemu waukulu.

Mzere wa amayi ndinaudula dala. Sindifuna anthu osawadziwa aziwaseka kapena kundifunsa mafunso.

Zopanga kanema wina wopepesa n'zovutirapo. Anthu angayambe kuganiza kuti zonse zimene ndimanena ndi zopeka. Tingozisiya, mwezi ukatha aiwala.

Ndili ndi pempho. Kaseti ya gemu ya mphaka ija munganditumizire? Mnzanga woyendetsa lole adutsa kumeneko mwezi wamawa. M'kati mwa kasetimo muli kabatire kakang'ono kamene kamasunga mayina aja, ndipo kakalamba. Kuno kuli munthu wodziwa kukasintha osafafaniza kanthu.

Wometa uja mumuuze kuti ndikabwera adzandimeta ulere, poti ndamudzazira shopu.

Ndine mwamuna wanu yemwe uja,
Mfu

11 Epulo

Kwa a Mfu, mfumu yoduka mchira,

Moni. Ndamva kuti mukudya, zikomo. Kuno tadzuka. Mafuta anu afika, koma sindikupaka maondo, ndikupaka zala. Za mwamuna wanu mwamuna wanuzo zisiye, ukwati umene uja unathera pampando wa wometa.

Mnzako wa lole anabwera. Mwana wa ulemu, anavula chipewa pakhomo. Ndinamupatsa tiyi ndi mpando, ndinamusokera batani la malaya limene linali likulendewera, ndipo anabwerera chimanjamanja. Ukuona ngati ndinabadwa dzulo? Ukufuna kaseti ichoke m'nyumba muno kuti ndisowe pokutsutsira. Akuti kabatire kakalamba. Inenso ndakalamba, bwanji sunatume lole kudzanditenga?

Ukuti unadula mzere wa amayi ako kuti anthu asawaseke. Wachita bwino. Ndiye kuti unadziwa kuti aseka. Unangosankha woti asekedwe.

Ukutinso aiwala. Amene aiwale ndi anthu ako olemba pansi pa kanemawo, amene sadziwa ngakhale kuti ndine wamtali kapena wamfupi. Ine ndimakhala ndi anthu amene amandiona m'mawa uliwonse ndikukoka chitseko cha shopu. Lachiwiri ndinapita kukagula sopo, mnyamata wa pakauntala akuti agogo tengani, ndakusiyirani dala kuti mupambane. Ndinamuyang'ana mpaka anayamba kupukuta sikelo yoyera kale.

Poti masiku ano aliyense ali ndi mndandanda wake, nanenso ndapanga wanga, ndipo a pabenchi ndawauza kale. Makaseti tili nawo asanu. Yakumchira kwa ine ndi ya mpira, chifukwa tianthu take tonse n'tofanana nkhope, sudziwa amene wakulakwira. Pamwamba pake ndaikapo ya magalimoto. Ndimaikonda pang'ono, koma galimoto yogunda khoma n'kudzuka bwinobwino imaphunzitsa ana bodza. Ndiye pakubwera ya ankhonya. Imeneyo ndangoikweza sabata ino, chifukwa muli kamnyamata ka malaya ofiira ndi makutu otambalala ngati ako. Ndimakaika kukhala mdani, n'kukagwetsa ndisanamwe tiyi. Yachiwiri ndi ya kandege kowombera miyala. Agogo ako aamuna akanakhalapo akanaikonda, poti ankakonda phokoso lopanda phindu.

Yoyamba ndi mphaka. Dzulo, lero, mpaka adzanditseke maso. Mphaka sanama. Ulibe mfuti, ulibe kavalo, ulibe mnzako womunamizira. Uli ndi miyoyo itatu ndi chala chako basi. Ukachedwa kudumpha chumuni wagwa, ukafulumira khwangwala wakutola. Ukafika pa madenga onyowa ndi mvula paja, pamene iwe unkafera masiku onse n'kumati padi yawonongeka, m'pamene umadziwika kuti ndiwe munthu wotani. Gemu imeneyo ndi imene waiika kumchira chifukwa cha akavalo.

Tsopano tamvera, ndipo uwerenge pang'onopang'ono. Ndikukupatsa mpaka Meyi athe. Ngati sindiona kanema wonena zoona, ndinyamula kamakina kaja kupita nako kwa wometa. Tikalumikiza pa tivi yaikulu yomwe ija, benchi itadzaza, ndisewera. Makina akadzafunsa dzina, sindidzazimitsa.

Chimene chidzagwe ndikuchidziwa, usandiphunzitse. Amene ali pa teniyo ndinamuyamwitsa ine, iwe usanamudziwe. Ngati ukufuna akhale pomwe alipo, tsegula pakamwa pomwe unatsegula paja.

Ndine agogo ako.

2 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako aang'ono. Uli bwanji? Ndikulemba m'malo moimba chifukwa pafoni umangoti musadandaule, musadandaule, n'kudula. Papepala sungandidule.

Ukuganiza kuti agogo ako akungokuopseza. Sakuopseza. Shopu akutseka dzuwa likadali pamutu. Dzana mayi wina anabwera kudzafuna zipi, anagogoda mpaka kutopa, iwo ali kuchipinda, akungokuwa kuti zipi zatha. Zipi zili bokosi lathunthu. Ndikaweruka ndimawapeza atakhala pa kampando kako kakale kaja, mphuno pafupi ndi tivi, beseni la madzi ofunda lili pambali loviikamo zala. Chala chachikulu cha kumanja chatupa ngati chalumidwa ndi mavu. Nyamakazi ija ukuidziwa.

Ndikuuze chimene iwo sangakuuze. Sakufikanso pamene ankafika kale. Amafika pa madenga onyowa, n'kugwa. Amatukwana mphakayo, amatukwana iwe, amazimitsa, amayambanso. Ndiye taganiza. Kuti adutse mapointi a amayi ako n'kosavuta, amawadutsa ngakhale akuyasamula. Koma ako a pamwamba aja akuwalephera. Akapita kwa wometa ndi mkwiyo ali nawowu, adzalemba dzina ngakhale atathera pa faifi. Dzina la mkulu wanga lidzagwa, ndipo anthu adzawasekabe. Tidzataya zonse ziwiri.

Ndinayesa kubisa kaseti. Ndinaiika m'thumba la nsalu za kuntchito, pansi pa matawulo. Ndisanafike pa siteji ndinangomva kumbuyo, “Mayi inu, mayi inu, imani.” Anali atanditsatira ndi silipasi imodzi. Anapisa dzanja m'thumba anthu akuona, anatulutsa kaseti yawo, n'kundiuza kuti ndikawapatse moni a kuhotela. Sanandilankhule mpaka Lamlungu.

Nditawafunsa ngati alibe chisoni ndi mwana wawo, anati, “Kafunse mwana wako, ndi amene ali ndi kiyi.” Koma ndawaona. Mndandanda ukatuluka pa tivi, amaika chikhatho pansi pa galasi, pamene pali mzere wa teni, kuti asauone.

Zovala za amayi ako tinagawa. Zithunzi zinanyowa chaka chimene denga linadontha. Chimene anasiya ndi dzanja lawo m'nyumba muno ndi zilembo zitatu zimenezo. Si zako wekha, si za agogo ako okha. Ine ndinkagona bedi limodzi ndi mkulu wangayo mpaka tsiku la ukwati wake.

Wometa naye sakuthandiza. Akuuza aliyense amene wamugwira mutu kuti kukubwera mpikisano.

Nena mawuwo, mwana wanga. Kodi ndi olemera bwanji?

Mayi ako aang'ono

19 Meyi

Agogo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndi zala zomwe. Mayi aang'ono andilembera, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Kanema watsopano ndapanga, watuluka dzulo. Ndi wa inu nokha, mulibe magemu ena. Ndatenga masiku ambiri kumukonza, ndaikamo nyimbo yabwino ndi chithunzi chanu. Anthu amukonda kuposa woyamba uja, ena alemba kuti alira. Muuzeni wometa amuike.

Ndachita zimene munafuna. Chonde kamakina kaja kasachoke kuchipinda. Ndimakumbuka tsiku limene amayi analemba dzina lija. Anadutsa chilembo cha M kawiri, n'kumaseka. Ndinafuna kuwathandiza, anandimenya padzanja. Ndikamaganiza za iwo ndimaona zimenezo, zina zonse zikufufutika.

Mundiyankhe msanga.

Mdzukulu wanu

6 Juni

Iwe,

Moni ndakupatsa, landira. Ndili moyo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mumsewu muno anthu ambiri sakudziwa.

Kanema wako wachiwiri tamuona. Nyimbo ya piyano yokoka ngati ya kumaliro. Chithunzi changa chija unandijambula ndikugona pampando, kukamwa kuli yasa, wachichotsa mtundu kuti chikhale chakuda ndi choyera. Ndiye iwe ukulankhula motsitsa mawu, maso ali pansi, akuti agogo anga anandilera, agogo anga anandiphunzitsa chikondi, pa mndandanda anali pa naini koma mumtima mwanga ndi nambala wani.

Anali. Anandilera. Wometa anazimitsa makina ake ometera, anthu anavula zipewa. Ine ndili pomwepo pakhomo.

M'mawa mwake mayi wogulitsa mazira uja anabwera atafunda nsalu kumutu, akulira kuyambira pa ngodya. Analowa m'shopu kudzapepesa maliro, n'kundipeza ndikusankha mabatani. Anakuwa, thireyi ya mazira inagwa. Ndakolopa ndekha, ndi maondo angawa. Atsogoleri a kwaya anatumiza munthu kudzafunsa tsiku la maliro. Telala amene amagula ulusi kwa ine anakagula kwina, akuti anamva kuti shopu yatsekedwa.

Poyamba unandipanga chitsiru, tsopano wandipha. Ndipo ngakhale pamaliro angawo sunathe kunena mawu amene ndinakupempha. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndinauza wometa abwereze. Paliponse pamene unati agogo ankandiposa, palibe. Paliponse pamene unati ndinanama, palibe. Mumtima mwako sindikufunamo, muli mdima, ndipo simulowa anthu a pabenchi. Ndikufuna pa tivi.

Za tsiku limene amayi ako analemba dzina usandiuze ngati ine kunalibe. Pilo amene anatsamira uja ndinamuika ndine.

Meyi watha. Ndi Loweruka lomaliza la mwezi uno, masana. Wometa wabwereka kale benchi yachiwiri.

Agogo ako, malemu.

18 Juni

Agogo,

Ndaimba kwa mayi aang'ono mpaka foni kutentha, akuti mukukana kuigwira. Ndiye ndikulemba, kaya ifika nthawi yake kaya ayi.

Chabwino. Munkandiposa. Sindinakusiyireni ngakhale tsiku limodzi, munkandiposa ndipo zinkandiwawa. Ndalemba ndi dzanja langa, onetsani wometa, onetsani msewu wonse. Kanema wachitatu sindingapange sabata ino, tikugwira ntchito mpaka Lamlungu, ndipo kunena zoona sindikudziwa kuti ndiyambira pati popanda anthu kundiseka.

Koma mukagwetsa dzina la amayi, musandidikire pa Disembala. Musadzandidikirenso. Ndikunena zoona.

Mdzukulu wanu

2 Julayi

Kwa mdzukulu wanga,

Moni. Uli bwanji? Ukudya? Kalembedwe kandivuta, chala chachikulu ndachimanga nsalu, ndiye cholembera ndachigwira ngati supuni.

Kalata yako yafika Lolemba. Ine ndinasewera Loweruka. Ndaiwerenga kawiri ndipo ndaisunga m'chitini cha mabatani a makoti. Ukuti ukuopa kuti anthu akuseka. Ndi zowawa eti?

Ndikuuze mmene zinayendera, usamve kwa ena.

Kamakina ndinanyamula ndekha m'beseni, nditavundikira ndi thawulo. Mayi ako aang'ono anati sabwera, sangaonerere zimenezo. Shopu ya wometa inali yodzaza mpaka ana anakwera pa mawindo. Anabweranso bambo anaseka mpaka kutsokomola uja, ndinamusungira malo ine mwini, patsogolo. Wometa analimbana ndi zingwe, tivi yake ya masiku ano inkakana kamakina kathu ngati mpongozi wonyada. Kenako mphaka anatulukira, wamkulu ngati mbuzi. Mnyamata wina anaimika kanema wako woyamba pafoni, pa chithunzi cha mndandanda, kuti aziwerenga mapointi ako mokweza. Mpando wozungulira ndinaukana. Ndinakhala pa kampando kako, kamene ndinabwera nako.

Moyo woyamba ndinataya mochititsa manyazi, pa chumuni chachitatu, pamene ngakhale khanda limadumpha. Tivi yaikulu inandisokoneza maso. Pawindo wina anati, “Naini.” Anaseka. Sindinacheuke, koma mawu ake ndawasunga, ndi mwana wa wowotcherera zitsulo.

Ndinasendeza kampando m'mbuyo. Ndinadutsa machumuni, ndinadutsa zingwe zoyanikira zovala, ndinadutsa msika. Khwangwala ananditola pa denga la fakitale, moyo wachiwiri n'kupita. Apo n'kuti mapointi a amayi ako nditawadutsa kalekale, ndipo ndinkadziwa. Phokoso linayamba kuchepa. Wometa anasiya mutu wa munthu uli ndi thovu.

Ndiye mvula inayamba m'gemumo. Madenga onyowa, moyo umodzi. Chala chinauma pomwepo, chinangoti gwa, osapindika. Ndinagoneka padi pabondo n'kumadina batani ndi mfundo ya chala cha pakati ngati ndikugogoda pakhomo la munthu wogontha. Ndikuuze zoona, sindinaganize za amayi ako, sindinaganize za Mulungu. Ndinkaona makutu ako. Denga lililonse ndinkati ili ndi la mazira, ili ndi la piyano, ili ndi la mnyamata wa sopo. Wa foni uja anayamba kuwerenga mokweza, akuti atsala pang'ono, atsala pang'ono, kenako anangoti, “Adutsa.” Sindinaime. Ndinapitirira mpaka kumene iwe sunakuonepo chibadwire, kuli madenga a galasi ndi mwezi waukulu. Kumeneko m'pamene ndinagwa, ndipo ndinagwa chifukwa thukuta linalowa m'maso.

Anthu anakuwa, benchi yobwereka inathyoka mwendo. Kenako makina anafunsa dzina, ndipo shopu inangoti zii, chifukwa wometa anali atawauza onse chimene chili pa teni.

Ndinaika G. Sindikubisira, ndinamuika, ndipo anaoneka bwino pamwamba paja. Wometa anati, “Malizani agogo, ndi zanu.” Ndikumva kumbuyo, “Amayi.” Anali mayi ako aang'ono, ataima pakhomo ndi yunifolomu ya kuntchito. 

Kuzimitsa sindikanazimitsa. Ndinazimitsa zaka zonsezi, ndipo malipiro ake unandipatsa ndiwe. Ndinakhala pamenepo, G akuphethira. Kenako ndinamuyendetsa mpaka anasanduka M. Ndinaika A, ndinaika I, ndinadina.

Mndandanda unatuluka. Pamwamba MAI. Pansi pake iwe, mizere yako yonse yatsika ndi sitepe imodzi. Pa teni GOG.

Usadzinamize, nanenso sindikudzinamiza. Zilembo zimene mwana wanga analemba ndi dzanja lake zapita. Ndinauona mzerewo ukutsika n'kuzimirira pansi pa galasi, ngati munthu wotuluka m'nyumba osatsanzika. Zimene zili pamwambazo ndalemba ndine. Mlandu umenewu tagawana, theka langa theka lako, ndipo langalo ndalinyamula kale. Mayi ako aang'ono anatembenuka n'kuchoka. Madzulo anabwera ndi beseni la madzi ofunda, analiika pamapazi panga, anandigwira dzanja n'kuliviika okha. Mpaka lero nkhaniyi sitinaikambe.

Bambo wotsokomola uja anabwera Lolemba kudzagula ulusi umene sakuufuna. Ana ayamba kundiitana Agogo Teni, koma amanena chapansipansi, ndipo amandipatukira njira.

Ukuti ndisakudikire pa Disembala. Ndikudikira. Bedi lako ndiyala, kamakina kadzakhala pa tebulo, padi yabwino ija ndidzakupatsa iweyo. Pangano lakale latha, aliyense akhoza kulemba dzina. Ngati ukufuna ufumu wako, udzautenge. Udzangoyenera kukwera pamwamba pa amayi ako, ndi kukankhira agogo ako kunja, zonse ndi chala chimodzi, a pabenchi akuona. Ine sindidzakuletsa. Ndidzakhala pambali ndi tiyi wanga.

Ubwere. Ndikufuna ndidzaone nkhope yako makina akadzakufunsa dzina.

Ndine agogo ako,
a pa teni.